Ufa wa Nsungwi ndi Masiku Athu Osala

Kodi inu munaberekapo mwana wothamanga popanda chomuthamangitsa? Osati galu, osati apolisi, osati kuti basi ikumusiya, ayi. Kungodzuka, kumanga zingwe za nsapato, n'kuliyatsa liwiro makilomita 42. Ine ndinabereka wotero. Ndi wachitatu mwa ana anga asanu, wamkazi, ndipo aliyense amangomuti Nsungwi. Dzinali anamupatsa ndi malemu bambo ake, chifukwa kuyambira ali wamng'ono anali wamtali, wowonda, womangogwedezeka koma osathyoka.

Sukulu ine sindinapite nayo patali, ndiye mundipirire, ndilemba mmene ndimalankhulira.

Mwanayu anabadwa ndi miyendo yoyabwa. Ukamutuma mchere kugolosale, madzi asanawire wabwera kale, ali wefuwefu. Kusukulu anzake ankadikirana pamsewu, iye ankangowadutsa, chikwama chili phaphapha kumsana. Ndinkati akakula zidzatha. Pano ali ndi zaka 29, sizinathe. Ukwati anaulawa, sunamukomere, anabwerera ndi sutikesi imodzi ndi nsapato zothamangira mapeya awiri. Tikukhala awiri m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa shopu ya njinga, ndipo ndinene zoona, wodyetsa nyumba ino ndi iyeyo.

Ntchito yake ndi kusita. Amagwira pamalo ochapira zovala, kwa mayi wina amene onse amangowati Madamu. Kutsogolo kuli kauntala ndi mizere ya mahang'ala, kumbuyo kuli makina atatu ochapira ndi tebulo la Nsungwi pafupi ndi zenera. Amaima pamenepo kuyambira seveni mpaka faifi, nthunzi ili tolotolo kumaso, dzanja lamanja lili ndi timabala ta simbi tosawerengeka. Koma kusita amatha. Diresi laukwati amaliyalira kansalu koyera pamwamba, simbi osakhudza mkanda ngakhale umodzi. Kolala wa shati amayambira kunsonga kulowera pakati kuti asachite makwinya. Makasitomala ena akamasiya suti amanena okha kuti, "Asite wamtali uja."

Asanapite kuntchito amakhala atathamanga kale. Kusanache amapita kubwalo la kuseri kwa sukulu kumene amakumana ndi anzake, ndipo kumeneko kuli akochi awo, bambo wachikulire wa bondo lovuta, amene ankathamanga kale. Iwo amayenda panjinga pambali pa anawo, wezulo ili pakamwa, wotchi ili m'khosi, kukalipa ngati ana onsewo anabereka okha.

Vuto linali limodzi. Nsungwi akathamanga mpikisano waukulu, ankamaliza bwinobwino, kubwera ndi mendulo, kuseka. Tsiku lachitatu pakhosi pankayamba kukanda. Lachinayi chimfine. Lachisanu chifuwa, thupi kutentha, sabata yonse ali gone. Mpikisano woyamba zinatero, wachiwiri zinatero, wachitatu chimodzimodzi. Ine ndinkangoti ndi mphepo ya pamsewu.

Tsopano pali china chimene ndiyenera kukuuzani, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Tsiku loyamba kupita kukaonerera mpikisano, ndinaona bambo wina akugwa pafupi ndi pothera, maso atatembenuka, n'kumunyamula pamachira. Kuyambira pamenepo ndinapangana ndi Mulungu wanga kuti mwana wanga akamapita ku mpikisano, ine ndizisala kudya masiku atatu, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, madzi okha, kuti asagwe pamsewu. Akabwerako, tsiku linanso limodzi lothokoza.

Nsungwi ataona ndamuikira mbale ine ndili chikhalire, anaikankha.

"Amayi, inu mukusala chifukwa cha ine, ine ndizitafuna? Sichingatsike."

"Idya iwe, wothamanga ndiwe."

"Miyendo ndi yanga, pemphero likhale lanu lokha? Tisala tonse."

Ndipo ine, m'malo momukalipira, mtima unakoma. Ndinati taonani mwana woopa Mulungu amene ndinabereka. Tinkasala limodzi, madzulo n'kumasula ndi tiyi ndi buledi magawo awiri, basi, chifukwa m'mimba mukakhala tsiku lonse mopanda kanthu simufuna zambiri. Ndipo sitinauze munthu, chifukwa kusala sikuimbidwa belu. Akochi sankadziwa. Madamu sankadziwa.

Atadwala kachitatu, akochi anabwera kunyumba ndi chitini chapulasitiki chachikulu ngati cha penti, m'kati muli ufa woyera ndi kasupuni kake.

"Amayi, ichi ndi cha mwana wathuyu," anatero. "Amati ma amino asidi. Othamanga ambiri amamwa. Munthu akathamanga mtunda wautali, asilikali a m'thupi amatopa, ndiye chimfine chimalowa pakhomo popanda mlonda. Ena amati ufawu umathandiza."

"Ena amati? Nanga inu mukuti chiyani?"

"Ine ndikuti tiyese. Nthawi yathu kunalibe zimenezi, tinkangomwa madzi a pampopi n'kumatukwanidwa."

Ndinanunkhiza, sunkanunkha kanthu. Ndinalawa ndi chala, unali ngati choko. Ndinausanjika manja, n'kuuika pamwamba pa kabati.

Mpikisano wachinayi utayandikira, tinakhala pansi ine ndi Nsungwi kukambirana nkhani yaikulu: kodi ufawu umaswa kusala kapena ayi? Tinakangana ngati anthu ophunzira.

"Ndi chakudya," ndinatero ine, "chifukwa ndi ufa."

"Amayi, chakudya chimakhala ndi kasupuni koyezera? Amagulitsa kufamase. Ndi mankhwala."

"Ukhuta nawo?"

"Sindikhuta."

"Ndiye ndi mankhwala."

Tinagwirizana kuti ndi mankhwala, ndipo mankhwala saswa kusala. Pamenepo m'pamene nzeru zinatithawira. Nsungwi anati popeza tsopano ali ndi chomuteteza, ndipo masiku atatu aja sankaletsa matenda, ulendo uno tisale masiku seveni. Ine ndinati ameni. Mwana wanga ankadzuka kusanache, kusungunula ufa m'madzi, kumwa, kukathamanga, kukaima pa simbi tsiku lonse, kubwera madzulo milomo itauma, n'kumwa tiyi ndi buledi. Masiku seveni. Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Ife osafunsafe sitinadye ngakhale phulalo.

Mpikisano anamaliza, koma analowa akuyenda ngati woledzera. Ulendo uno matenda sanadikire tsiku lachitatu. Anagona masabata awiri, chifuwa chikulira ngati chitseko chakale, mpaka tinapita naye kuchipatala n'kubwera ndi mapilisi.

Sabata yachiwiri Madamu anabwera okha kunyumba, atanyamula malalanje m'jumbo. Ndi mayi wonenepa, wolankhula mosazungulira. Anakhala pampando wa pafupi ndi bedi n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe Nsungwi, ndimakukonda, ukudziwa. Koma ino ndi nyengo ya maukwati. Madiresi asanu ndi limodzi ali lende kudikira iwe. Mnzako wa pa makina anayesa kugwira simbi, wandiwotchera jekete la mwini. Aka n'kachinayi. Ukathamanganso n'kudwala, usankhe wekha, simbi kapena msewu. Ine sindingasunge tebulo la munthu amene amadzidwalitsa dala."

Madamu atatuluka, Nsungwi anatembenukira kukhoma. Anati, "Ndiyesa kamodzi kokha, amayi. Ndikadwalanso, nsapato ndipereka kwa ena. Ntchito sindingasiye, tidya chiyani?"

Ndisaname, zaka zonsezi ndinkafuna atasiya. Koma mmene ananenera, mawu ali pansipansi ngati akulengeza maliro, ndinadziwa kuti akasiya nditsala ndi mwana wosita bwino koma wozima. Mwana uyu amaseka akachokera kothamanga. Ukwati utatha sanalire pamaso panga, ankangopita kumsewu n'kubwera nkhope itapepuka. Ndiye ndinayamba kupemphera pemphero limene sindinaganizepo kuti ndingapemphere, loti apitirize.

Miyezi inayi itadutsa, mpikisano wina unayandikira, ndipo ufa unali utatha. Nsungwi anati tikagule chitini chachikulu kuposa choyamba, azimwa masupuni awiri. Ndinamuperekeza kufamase ya pafupi ndi depoti, kumene kuli mayi wina wa imvi, magalasi ake amalendewera pa chingwe.

"Ufawo ulipo," anatero mayiwo ataona chitini chakale chimene tinanyamula. "Woyamba unakuthandizani, chemwali?"

"Ndinadwala kuposa kale."

"Ndiye mukufuna waukulu?"

Nsungwi anaseka mwamanyazi. Mayiwo anavala magalasi n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Tandiuzani, sabata ya mpikisano mumadya chiyani? Yambirani m'mawa."

Nsungwi anayang'ana ine, ine ndinayang'ana mashelefu a mankhwala a chifuwa.

"Funso langa lavuta?"

Ndinati mumtima, Ambuye mundikhululukire, ndiimba belu. Ndinaulula zonse: bambo wogwa uja, masiku atatu, masiku seveni, tiyi ndi buledi, mpaka mlandu tinaweruza woti ufa ndi mankhwala.

Mayiwo anavula magalasi aja n'kukhala pansi.

"Masiku seveni? Akuthamanga?"

"Ndi kusita komwe," ndinatero, ndipo ndikuvomereza kuti m'mawu mwanga munali kakunyada.

"Amayi, inenso ndimasala. Koma ine ndimasala nditakhala pampando uno, fani ikundiomba. Tamverani. Zimene zili m'chitinimu si zachilendo ayi. Ndi tizidutswa ta zomwe zili kale m'mazira, mu mkaka, mu nyemba, mu nsomba. Angozipatula n'kuziuma. Kuti zimaletsa chimfine kwa othamanga, ena amati inde, ena amati sanaone kusiyana, ngakhale ophunzira sanamvane. Koma chimene ine ndingakuuzeni mosakayika ndi ichi: kasupuni sikangalowe m'malo mwa mbale. Asilikali a m'thupi amadya, amayi. Inu mwawatumiza kunkhondo ndi njala, kenako mukudabwa kuti athawa."

Nsungwi anati, "Ndamva. Koma ine sindingadye amayi anga akusala chifukwa cha ine. Ndinayesapo, sichitsika."

"Ndiye nkhani yachoka kwa inu," anatero mayiwo, n'kutembenukira kwa ine. Anangotigulitsa kachitini kakang'ono komata bwino, kolembedwa zonse zimene zili m'kati, n'kunena kuti supuni ikhale imodzi monga alembera, ndipo za ufa wopimidwa m'mapepala pamsika tisayerekeze.

Tinauyamba wobwerera kunyumba. Ine mutu unali utatentha. Kusala kuja kunali chinthu chokhacho chimene ndinali nacho. Sindidziwa za mawotchi, sindidziwa za nsapato, sindingathamange pambali pake. Chimene ndinkatha ndi kumana mimba yanga kuti Mulungu aone kuti ndatsimikiza. Tsopano ndisiye, ndiye akagwe pamsewu ngati bambo uja, ndidzati chiyani?

Mawa lake Nsungwi anawauza akochi. Akuti anavula kapusi n'kuiponya pansi.

"Seveni! Ine ndikukukwezani zitunda, inu m'mimba muli mphepo yokhayokha? Ndakhala ndikusintha mapulogalamu, kufunsa anzanga, kudziimba mlandu, kani mdani ali kukhitchini!"

Anabwera panjinga mpaka kunyumba kudzandiuza zomwezo, koma atafika pakhomo ulemu unawagwira, anangoti, "Amayi, mpunga. Mpunga wambiri. Chonde."

Ine ndinapita kwa Mwini wake. Ndinagwada pambali pa bedi masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo ndinalankhula mmene ndikulankhulira ndi inumu. Ndinati, Atate, mwanayu munandipatsa ndinu, miyendo munamupatsa ndinu. Pangano lija ndinapanga ndine, simunandipemphe. Ngati njala yanga ikumudwalitsa, ndiye ndikusalira ndani? Ndikubweza mawu anga, musandiyese wabodza. Sindinamve liwu lililonse, ndisakunamizeni. Ndinangodzuka mawondo akuwawa, mtima utakhala pansi pang'ono.

Sabata ya mpikisano inakwana. Lolemba Nsungwi atabwera kothamanga anapeza patebulo mbale ziwiri, mazira awiri awiri, buledi, nthochi, mkaka wotentha. Anakhala pansi n'kupinda manja.

"Yambani ndinu."

"Idya, uchedwa kuntchito."

"Ndikudziwani, amayi. Ndikatuluka mubweza mumphika. Yambani, ndione pakhosi pakuyenda."

Ndinatenga dzira. Abale, dzira limenelo linali lolemera ngati mwala. Ndinaluma, linakakamira pakhosi, misozi ili m'maso, ndinalikankha ndi mkaka. Nsungwi anaona, n'kutenga lake. Tinadya osayang'anana.

Atamaliza anapukuta pakamwa n'kunena kuti, "Ngati mukufunabe kusala, salani miseche. Sabata yonse osanena za mkazi wa a shopu ya njinga."

"Iwe, ine ndimanena miseche?"

"Ayi, mumangopereka mitu ya mapemphero."

Ndinamuponyera kansalu kopukutira mbale. Koma ndinayesa, ndipo ndikuuzeni, kusala chakudya n'kosavuta. Ndinafika Lachitatu.

Sabata imeneyo ndinaphika ngati kukubwera alendo. Mpunga ndi nyemba, nsomba, masamba, mbatata, mtedza wokazinga woti azitafuna kuntchito. Masana ndinkanyamula kontena mpaka kwa Madamu, kukhala pa benchi ya kumbuyo pakati pa mabasiketi a zovala, kudya naye limodzi, chifukwa popanda ine kutsegula pakamwa iye sankatsegula. Madamu anatipeza tsiku lina.

"Kodi pano pasanduka lesitilanti?"

"Tikuteteza madiresi anu, Madamu," ndinatero.

"Ndiye muzibwera ndi supuni zitatu."

Kupemphera sindinasiye. Ndinkapemphera ndikusankha nyemba, ndikusenda mbatata, ndikutsuka miphika. Ufa uja ankamwa supuni imodzi atatha kudya, ndipo unasiya kukhala pamwamba pa kabati ngati mfumu, unatsikira pa shelefu pamodzi ndi shuga ndi masamba a tiyi.

Tsiku la mpikisano ndinaima pothera ndi chikwama: juzi youma, bulangete, mkaka m'fulasiki, nthochi, mpunga m'kontena. M'mimba mwanga munali chakudya koma mantha anali pomwepo. Aliyense wodzandira ndinkati ndi iyeyo. Kenako ndinaona mutu wautali uja ukubwera pamwamba pa mitu ya ena, miyendo ikuponyedwa mwadongosolo. Analowa wa nambala 14 mwa akazi. Sanagwe. Ndinamufunditsa bulangete anthu akuona, iye akuti, "Amayi, mukundichititsa manyazi," ine ndikuti, "Khala chete, yasamula."

Koma nkhondo yeniyeni inali isanayambe. Lolemba anapita kuntchito akutsimphina. Lachiwiri bwinobwino. Lachitatu m'mawa akumanga nsapato, ndinangomva, "Etsi!" Kenako kachiwiri. Supuni inandigwa m'manja.

"Ndi fumbi, amayi."

"Tsegula pakamwa ndione."

"Muona chiyani, ndinu dokotala?"

Anapita. Tsiku limenelo ndinasesa nyumba katatu. Faifi itadutsa ndinaima pakhomo, ndipo ndinamuona akubwera akudya chimanga chootcha, akucheza ndi mnzake wa pa makina uja. Lachinayi anapita. Lachisanu anapita. Loweruka anasita madiresi atatu aukwati ndi masuti a operekeza onse. Madamu anamuuza kuti, "Tebulo ndi lako. Koma amayi ako asasiye kubwera ndi kontena, ndazolowera."

Kuchokera pamenepo wathamanga mipikisano ina iwiri. Wina anabwerako ndi kachimfine ka masiku awiri, koma sikanamugoneke, ankasita ali ndi kampango m'thumba. Mukandifunsa ngati ufa uja umagwira ntchito, ine sindidziwa. Akochi amati umathandiza, mayi wa kufamase amangokweza mapewa, Nsungwi amati akasiya mtima sukhala m'malo. Ine ndimasalabe nthawi zina, pa zifukwa zanga, koma ndimayamba ndaona kalendala ya mipikisano imene anamata kuseri kwa chitseko. Ndanenepako pang'ono, madiresi awiri sakundikwana, ndipo azimayi a kutchalitchi akuti ukalamba ukundiyanja.

Ngati mukuganiza kuti ndikukometsa chifukwa ndi mwana wanga, pitani mukamuone nokha. Shopu ya Madamu ili pakati pa ometa tsitsi ndi okonza mafoni, chitseko chobiriwira. Tengani shati limene linakukanikani kusita, mukapereke pa kauntala, ndiye musuzumire kumbuyo cha kuzenera. Musamuchedwetse ndi nkhani, Madamu sakonda. Mukafuna kucheza naye bwino, fikani cha m'ma thwelofu, muzungulire kuseri, mutipeza pa benchi. Ndipo chonde, musanapereke chovalacho, pisani m'matumba muchotse mabolopeni, chifukwa inki ikalowa m'makina, wokalipiridwa amakhala mwana wanga.